Kayendedwe ka Kaboni ndi Nkhalango za m'Boma la Ntcheu

Kaboni amapezeka m'zamoyo zonse, m'nthaka, m'nyanja ndi mumlengalenga, ndipo amazungulira m'malo amenewa mosalekeza. Zomera zimakoka mpweya wa kaboni dayokisaidi popanga chakudya, n'kusunga kaboniyo m'thunthu, m'mizu ndi m'nthaka. Mpweyawu umabwereranso mumlengalenga zamoyo zikamapuma, zikawola kapena zikapsa.

Kaboni dayokisaidi amatchinga kutentha kuti kusachoke konse padziko. Mafakitale asanachuluke, m'magawo 1 miliyoni a mpweya, magawo pafupifupi 280 anali a kaboni dayokisaidi. Lero apitirira 420 chifukwa chowotcha malasha ndi mafuta komanso kugwetsa nkhalango. Nyanja ndi zomera zimamwa pafupifupi theka la mpweya umene anthu amatulutsa. Wotsalawo umaunjikana, dziko n'kumatentha, ndipo mvula imasokonekera.

M'boma la Ntcheu, nkhalango ya Mvai imasunga kaboni komanso imateteza madzi olowa m'damu la Mpira, limene linauma m'chaka cha 2018. Mtengo ukawotchedwa makala, kaboni amene unasunga kwa zaka zambiri amatuluka, ndipo nthaka yotsala poyera imakokoloka.

Dziko la Malawi linalonjeza kubwezeretsa malo oguga okwana mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Anthu akukumbutsidwa kuti lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo mbande zimafunika kuzilambulira kuti zisapse ndi moto wolusa.