Mtunda umene wakhala ukupha amayi ku Lago

Mbiri ya uchembere m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago ku Mozambique, kuyambira ku Metangula mpaka ku Cobué, ndi mbiri ya mtunda. Amishoni a Anglican a UMCA ankafika m'midzi imeneyi pa sitima, monga Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901, ndipo zipatala zawo za ku Likoma ndi Messumba zinali pafupi ndi madzi. Nyanja ndiyo inali msewu. Nkhondo yaufulu itabuka mu 1964, madziwo anadzaza maboti a asilikali a Chipwitikizi ochokera ku Metangula. Kenako nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha mu 1992, inagumula zipatala zakumidzi, anthu n'kuthawira ku Malawi ndi ku Tanzania. M'zaka zimenezo mayi wokanika kuchira analibe kolowera.

Mtendere utabwera zinthu zinasintha. M'dziko lonse la Mozambique, makanda omwalira asanakwanitse chaka anali 135 pa 1,000 alionse mu 1997, n'kutsika kufika pa 64 mu 2011. Katemera, masikito ndi mankhwala a malungo zimatheka kufika kumudzi. Koma imfa za amayi sizinatsike motero: mu 2003 ndi mu 2011 momwe zinali 408 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Chifukwa chake n'chodziwika. Mayi amene akutaya magazi chotsalira chitakanirira, kapena amene akukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, amafuna opaleshoni ndi magazi oonjezera pa maola ochepa. Kuchoka ku Metangula kukwera mapiri kupita kuchipatala chachikulu cha ku Lichinga ndi mtunda wa makilomita oposa 100, ndipo wa ku Cobué amene wasankha kuwolokera ku Likoma, mwera ukakuntha, bwato limagona pamchenga.

Ena amaloza chala azamba ndi miyambo, monga kukakamiza mayi amene wachedwa kuchira kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Mwambo umenewo ndi wankhanza ndipo umadya nthawi. Komabe mzamba anagwira ntchitoyi chifukwa panalibe wina woigwira. Amatinso amayi azikadikira ku nyumba zachidikiro. N'zoona zimathandiza, koma wopitako amasiya ana ndi munda wa chinangwa, n'kunyamula ufa ndi nkhuni zake, ndipo akafika, chipatala chaching'ono cha pafupi ndi nyumbayo nthawi zambiri sichichita opaleshoni.