Kuchokera ku Koloboyi Kufika ku Sola: Mbiri ya Kuwala m'Chigwa cha Phalombe

Munthu amene wayenda m'chigwa cha Phalombe zaka zino, kuchokera pa Migowi kulinga ku Chiringa, kapena kutsikira kumpoto kumene madambo amakathera m'nyanja ya Chilwa, ngati maso ake sadali pansi pokha, adaona kanthu kamene makolo athu sakadakazindikira: galasi lakuda lopyapyala, logonekedwa padenga la malata ngakhale la udzu, limene mwini nyumba amaliyang'anira monga akale adayang'anira nkhokwe. Ndipo akakhala pansi madzulo pamodzi ndi eni mudzi, adzamva mkangano umene kale kudalibe, wina akutama sola yake kuti imayatsa mababu anayi kufikira tambala woyamba, mnzake akudandaula kuti yake, yogulidwa pa msika womwewo ndi mtengo womwewo, imafooka ana asanatseke makope awo. Mkanganowu ngwatsopano pa nkhope pokha, pakuti muzu wake uli m'mbiri yaitali ya momwe anthu a chigwachi akhala akufunira kuwala, ndi mtengo umene akhala akupereka.

Masiku amene Alhomwe ankaoloka kuchokera ku Mozambique nakhazikika pakati pa Amang'anja ndi Ayao m'tsinde mwa mapiri, ndiponso pamene Angelezi adamanga linga lawo la Fort Lister m'chaka cha 1893 pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo, kuwala kwa usiku kudali moto ndi mwezi basi. Moto ukazima, mwana ankatumidwa kukapala kwa anansi ndi phale. Wofuna kanthu m'nyumba ankayatsa muuni wa udzu. Ndipo nthano zinkakambidwa pamene chikuni chikunyeka. Kuwala kotero kudalibe mtengo wa ndalama, ngakhale tisaiwale kuti kudali ndi mtengo pa makosi a amayi amene ankasenza nkhuni kuchokera kuphiri.

Parafini ndiye adasintha zonse, chifukwa ndiye adayamba kuphunzitsa anthu athu kuti kuwala kungathe kuyesedwa ndi muyeso. Ku mishoni ndi m'masitolo munkawala nyali za Tilley. Amuna obwerera ku Joni ndi ku Halale ankatsika ndi nyali za galasi pamodzi ndi masutikesi awo. Koma nyali ya mphawi idali koloboyi, kachitini kapena kabotolo kokhala ndi chingwe cha nsanza, kamene amisiri a pamsika ankapanga ndi manja. Mayi wa nzeru ankadziwa bwino lomwe kuti parafini wa m'kabotolo kakuti afikira usiku ungati, ndipo mwana wowerenga mopitirira ankadzudzulidwa, osati chifukwa makolo adada sukulu, koma chifukwa dontho lililonse lidali nandolo wogulitsidwa kapena nkhuku yochoka pakhomo. Ife amene tidaphunzira pa koloboyi tikukumbukira mwaye wa m'mphuno m'mawa, ndipo ena a ife tikukumbukira nyumba za udzu zimene zidapsa chifukwa cha kamoto kameneko.

Pamene magetsi a pa Nkula, pa mtsinje wa Shire, adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ambiri adayesa kuti mdima watha. Ndipo pamene boma lidakhazikitsa ndondomeko ya MAREP m'chaka cha 1980 kuti mawaya afike kumidzi, chiyembekezo chidakulanso. Mapolo adafikadi, koma adatsata msewu, nafika pa boma, pa chipatala cha Holy Family ndi pa misika ikuluikulu, nasiya midzi ya m'kati ikuwaonera patali monga munthu wanjala aonera utsi wa kukhitchini kwa eni ake. Phalombe adapatulidwa ku Mulanje nakhala boma palokha m'chaka cha 1998, komabe pofika kalembera wa 2018, amene adapeza anthu oposa 429,000 m'bomali, m'dziko lonse la Malawi mabanja ounikira ndi magetsi a ESCOM adali ngati 11 okha pa 100 aliwonse, ndipo ochuluka a iwowo adali a m'mizinda. M'zaka za kudikirazo anthu sadakhale manja lende: ena ankakweza batire ya galimoto pa njinga kukaitchajitsa kumene kuli mawaya kuti wailesi ilankhule, ndipo pambuyo pake matochi otsika mtengo a mabatire adathamangitsa koloboyi m'nyumba zambiri.

Luso losandutsa dzuwa kukhala magetsi lidakhwima kutali, ku Bell Laboratories m'dziko la America, m'chaka cha 1954, ndipo kwa nthawi yaitali lidali la olemera ndi la maboma okha. Kuno kwathu lidayamba kuoneka pa zipatala zing'onozing'ono, kumene linkaziziritsa katemera, ndi pa nyumba za amishoni. Chimene chidalitsitsira pa denga la mlimi wamba, m'kuona kwanga, ndi foni ya m'manja, pakuti munthu amene adapirira mdima zaka makumi anayi sadathe kupirira foni yozima pamene mwana wake ali ku Joni akufuna kutumiza ndalama. Pamenepo mitengo ya magalasiwa idali itatsika. A bungwe la SunnyMoney adafalitsa tinyali ta dzuwa kudzera mwa aphunzitsi aakulu a m'masukulu. Makampani ena adayamba kupereka sola pa ngongole yolipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Ndipo m'misika mudadzaza magalasi a mitundumitundu, abwino ndi achinyengo atasakanizika monga tirigu ndi namsongole.

Tsono tafika pa mkangano wa madzulo uja, ndipo apa ndikufuna kuchedwapo. Nambala yolembedwa kuseri kwa galasi, tinene mawati 100, si lonjezo la tsiku lililonse ayi, koma ndi mphamvu imene galasilo limapereka pa dzuwa lathunthu, lili loyera ndiponso losatentha kupitirira madigiri 25. Dziko lathu limalandira dzuwa lokwana ngati maola asanu a mphamvu yathunthu pa tsiku, kotero galasi lotere likadayenera kukolola theka la yunitsi imodzi, ija ogula magetsi a ESCOM amaidziwa. Koma zikachotsedwa zotayika m'mawaya, m'kutentha ndi m'batire, chotsala chimayandikira gawo limodzi la magawo atatu a yunitsi. Chimenecho n'chokwanira mababu anayi a mawati asanu kwa maola asanu, mafoni angapo, ndi kanema wamng'ono kwa kanthawi, koma sichingathe kunyamula ayironi kapena mbaula ya magetsi, ngakhale wogulitsa atalumbira kutchula makolo ake.

Ndipo ngakhale magalasi awiri atakhala ofanana ngati mapasa, Phalombe sawapatsa dzuwa lofanana, chifukwa dziko lino lili ndi mapiri amene amagawa tsiku monga mkulu agawira ndiwo. Wokhala kumadzulo kwa Michesi, pafupi ndi tsinde, amaliona dzuwa mochedwa. Wokhala kum'mawa kwa mapiri, cha ku Nkhulambe, limamuthawa msanga madzulo. Pamene wa pachigwa poyera, kulinga ku Chilwa, amalilandira kuyambira potuluka mpaka polowa. Palinso kaikidwe. Popeza tili kumwera kwa dziko lapansi, dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale kokha, ndipo miyezi yambiri ya chaka limapendekera kumpoto. Chotero galasi loyang'ana kumpoto, lopendekeka pang'ono, limakolola koposa lija longotsata kumene denga lidayang'ana. Mpendadzuwa umene alimi a kuno amalima udadziwa zimenezi kalekale, pakuti ukali wanthete umatembenuza nkhope kutsata mwini kuwala. Fumbi la m'chilimwe, zitosi za nkhunda, ngakhale mthunzi wa nthambi imodzi ya mango wogwera pangodya, zonsezi zimadya gawo lawo mwakachetechete.

Ine ndemwe ndidagwa m'mbuna imeneyi. Ndidagula galasi kwa wamalonda wina m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili phwee, ndipo masabata oyamba ndidayenda ndi mtima wonyada. Koma itafika Juni, chiperoni chitatsika ndi mitambo yake ndi kamvula kake kowaza, chija chimatchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique, nyumba yanga idada tisanadye nsima. Mmisiri amene adadzayesa adapeza kuti galasilo silinkafika pa nambala yolembedwapo, ndiponso kuti batire ndidaipha ndekha poikama mpaka kuuma usiku uliwonse, pamene batire ya mtundu umene ndidagulawo siyenera kutsika kupitirira theka. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo adatinso safunsa adadya phula. Miyambi iwiri yonseyi idandipeza tsiku limodzi.

Komabe sindinganyoze kagalasi kameneka, chifukwa chigwa chino chimadziwa masiku a tsoka. Akulu akukumbukira Napolo wa m'Malichi 1991, amene adatsika ku Michesi ndi miyala nakokolola anthu mazanamazana. Namondwe Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse nkukhala m'kuzimazima kwa miyezi yambiri. Ndipo Namondwe Freddy, m'Malichi 2023, adagwetsa mapolo ndi milatho nasiya madera ngati Nkhulambe osafikika. Pa masiku a mvula yosalekezayo magalasi nawonso adapereka zochepa, koma mitambo itang'ambika, nyumba imene denga lake lidatsala idayambanso kukolola tsiku lomwelo, osadikira kuti mawaya amangidwenso kuchokera ku Shire.

Makolo athu sankatama nkhokwe m'mwezi wa Meyi, pamene aliyense ali ndi chimanga, koma ankaiyesa mu Febuluwale, pamene njala ili pakhomo. Inunso, abale anga a ku Phalombe, mukafuna kulinganiza sola yanu ndi ya mnansi, musaiyese pa dzuwa la Okutobala. Dikirani chiperoni cha Juni ndi Julayi. Pukutani galasi, muliyang'anitse kumpoto, mulembe m'kope ola limene batire yadzaza ndi ola limene magetsi afooka, pamodzi ndi zonse zimene mwalumikizako, kwa masabata awiri osadumphitsa. Ndipo mukapita kukagula lina, mutenge kopelo ndi mmisiri wodziwa kuyesa, kuti galasi liyesedwe pamaso panu ndalama zisanachoke m'thumba.