Kodi Wobweretsa Mphatso za Khrisimasi Ndani?

Amayi anzathu a Mvano ndi mabanja onse, pamene tikukumbukira zaka zimene Ambuye atiyendetsa m'chigwirizano chathu kuno ku Nkaya, taona kuti nkwabwino kulembapo za nkhani imene imabuka m'misonkhano yathu chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala ukamapita kumapeto. Nkhaniyo ndi iyi: pa phwando la ana a Sande Sukulu, kodi tipeze mnyamata timuveke zofiira ndi ndevu za thonje kuti agaŵire ana maswiti, monga achitira m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe? Ena amati nzongosangalatsa ana basi. Ena amati nzachikunja. Koma Father Christmas ameneyu ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo inayambira m'tchalitchi.

Amene amaŵerenga buku la Machitidwe adzakumbukira kuti pa mutu 27 Paulo, ali pa ulendo wa ku Roma, anasintha ngalaŵa pa doko la Myra. Malowo ali m'dziko limene lero timati Turkey. M'zaka za m'ma 300 kumeneko kunali bishopu dzina lake Nicholas, amene Akhristu anamkumbukira chifukwa cha chifundo chake. Nthano yodziŵika koposa ya iye imati panali bambo wina wosauka amene anali ndi ana aakazi atatu. Mwambo wa kumeneko unali wakuti bambo wa mtsikana ndiye apereke chuma kuti mwana wake akwatiwe, chinthu chachilendo kwa ife a chikamwini. Popeza chumacho panalibe, atsikanawo anatsala pang'ono kuloŵa m'moyo wogulitsa thupi. Nicholas atamva, anapita usiku naponya kathumba ka golide pa zenera, nathaŵa. Anachita chimodzimodzi kachiŵiri. Kachitatu bamboyo anamdikirira namgwira, ndipo Nicholas anampempha kuti asauze munthu aliyense. Apa ndi pamene tiyenera kuikapo mtima. Mphatso yoyamba ya m'mbiri imeneyi sinali chidole kapena switi. Inali chuma chopulumutsa ana aakazi ku manyazi, choperekedwa mumdima ndi munthu amene anagwiritsa zimene Ambuye anaphunzitsa pa Mateyu 6 za kupereka mobisa.

Tsiku lokumbukira Nicholas ndi 6 Disembala. M'chaka cha 1087 amalinyero anatenga mafupa ake kupita nawo ku Bari, ku Italy, ndipo mbiri yake inawanda ku Ulaya konse. Ku Netherlands ndi ku Germany ana anazoloŵera kulandira timphatso usiku woti maŵa lake ndi tsikulo.

Martin Luther, m'zaka za m'ma 1500, sanakondwere ndi kupembedza oyera mtima. Iye anafuna kuti ana adziŵe kuti chabwino chilichonse chimachokera kwa Khristu, chotero analimbikitsa kuti mphatso ziziperekedwa pa Khrisimasi penipeni, ndi kuti wozibweretsa akhale Mwana Yesu, amene Ajeremani amati Christkind. Chodabwitsa nchakuti lero amene asunga kwambiri mwambo wa Lutherwu ndi Akatolika a ku Austria ndi kummwera kwa Germany. Makolo athu m'chikhulupiriro a ku Scotland ndiye anapita patali koposa Luther. M'chaka cha 1640 nyumba ya malamulo ya kumeneko inathetsa tchuthi cha Khrisimasi, ponena kuti Malembo sanalamule tsikulo, ndipo kufikira 1958 tsiku la 25 Disembala silinali la tchuthi m'dziko la Scotland. Anthu ankapita ku ntchito, ndipo ana ambiri ankalandira mphatso zawo pa Chaka Chatsopano. Amishoni amene anafika ku Blantyre mu 1876 anachokera ku dziko lotere. Anatibweretsera Baibulo, nyimbo, sukulu ndi chipatala, koma munthu wa ndevu zoyera sanali m'katekisimu wawo.

Munthuyo anakulira ku America. Dzina limene Adatchi ankatchula Nicholas, lakuti Sinterklaas, linasanduka Santa Claus ku New York. Ndakatulo ina ya mu 1823 inampatsa ngolo yokokedwa ndi nyama za kumalo ozizira, ndi chizoloŵezi choloŵera m'nyumba pa chumuni. Kuyambira 1863 wojambula wina, Thomas Nast, anamjambula wonenepa ndi wosekerera m'magazini ya Harper's Weekly. Chipewa cha ubishopu ndi ndodo ya ubusa zinatsala m'njira. Tsono mu 1931 kampani ya Coca-Cola inalemba ntchito Haddon Sundblom kuti azimjambula atagwira botolo, ndipo anachita zimenezi zaka zoposa 30. Anthu ambiri amati kampaniyi ndiyo inayambitsa chovala chofiira, koma ayi, chinalipo kale pa zithunzi zina. Chimene kampaniyi inachita ndi kufikitsa nkhope imodzi yomweyo pa khoma la sitolo iliyonse ya dziko lapansi, kufikira magolosale a ku Balaka ndi ku Liwonde. Angelezi anali ndi Father Christmas wawo wakale, woimira madyerero a akuluakulu, ndipo iyenso anamezedwa ndi wa ku America, kungotsala dzina limene ife tinalandira.

Si ife oyamba kukangana za iye. Ku Dijon, m'dziko la France, pa 23 Disembala 1951, chifanizo cha Father Christmas chinapachikidwa pa mpanda wa tchalitchi chachikulu ndi kutenthedwa ana akuonerera, atsogoleri ena a mpingo atavomereza, ponena kuti walanda malo a Mwana Yesu. Akuluakulu a tauniyo analengeza msanga kuti aonekeranso pa nyumba ya khonsolo. Moto sunathandize kanthu, ndipo ife sitikupempha mayi aliyense kuti atenge machesi.

Nanga kuno kwathu mphatso za Khrisimasi zinkabwera ndi yani? Amayi achikulire adzayankha kuti zinkabwera ndi sitima. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935 podutsa dera lathu lino, ndipo mu 1970 Nkaya inasanduka mphambano pamene anatsegula njanji ya ku Liwonde ndi ku Nayuchi, yopita ku Nacala. Disembala akafika anthu ankatchera khutu ku kulira kwa sitima, pakuti inali nthaŵi imene amuna ambiri a ku Joni ndi ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ankabwera kudzaona kumudzi. Ankatsika ndi masutikesi a mabulangete, nsalu, nsapato za ana, ena wailesi, ena njinga. Mphatso zimenezo zinali ndi mtengo wake. Zinali thukuta la pansi pa mgodi, ndipo mabanja ena analandira kalata m'malo mwa sutikesi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma linaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Amene analibe wa ku Joni anali ndi mayi. Mayiyo ankasunga tambala kuyambira m'chilimwe, kubisa mpunga pang'ono m'mtsuko, ndi kupita ndi kansalu kwa telala wa pakhonde la sitolo kuti mwana asaloŵe m'tchalitchi ndi zigamba pa tsiku la kubadwa kwa Mpulumutsi. Tiyi wamkaka ndi buledi m'maŵa, mpunga wa nkhuku masana, botolo limodzi la Fanta kugaŵana ana atatu, ndi mbale ina yopita kwa anansi athu achisilamu, amene nawonso satiiŵala pa Idi yawo. Ana ankayenda khomo ndi khomo kupempha "Khrisimasi bokosi", mau otsalira ku mwambo wa Angelezi wopatsa antchito awo kabokosi ka mphatso pa 26 Disembala.

Abale athu Akatolika a ku Utale, kumene ansembe a Montfort anakhazikika mu 1908, anali ndi khola lawo la Mwana Yesu m'tchalitchi ndi Misa ya usiku. Tingotchulako kuti bishopu woyamba wa Mangochi, Alessandro Assolari, anachokera ku dera la Bergamo, kumene ana amalandira mphatso pa 13 Disembala kuchokera kwa Lucia Woyera, woyenda ndi bulu. Ngakhale ku Ulaya komweko si onse amadikira munthu wovala zofiira.

Ife chimene chimativuta si mtundu wa nsalu. Ndi chiphunzitso chimene chimabwera nayo, chakuti Father Christmas amapatsa ana abwino ndi kumana ana oipa. Kuno Disembala ndi mwezi wa kupalira, nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi, ndipo kandalama kamene kanalipo kapita ku feteleza ndi ku mbewu. Mwana wa m'nyumba ya malipiro adzapeza chidole. Mwana wamasiye amene akuleredwa ndi agogo ake sadzapeza kanthu, ndipo ngati tamphunzitsa chiphunzitso chija, adzaŵerengera yekha kuti iye ndiye woipa. Nicholas wa ku Myra sanafunse ngati atsikana aja anali omvera. Anafunsa ngati anali pa ngozi.

Pali chinthu chimodzi chimene munthu wofiirayu anasungako kwa bishopu uja, ndicho kubisa nkhope ya wopereka. Koma wa m'sitolo amabisa nkhope ya kholo limene lavutika, ndi kusiya dzina la sitolo likuoneka bwino pamwamba pa chitseko. Ifenso a malaya oyera tidzifunse pamenepa. Masiku ano tikatenga ufa, sopo ndi shuga kupita nazo ku chipatala kapena kwa okalamba, pamakhala foni zingapo zojambula, ndipo dzuŵa lisanaloŵe nkhope ya gogo wolandira ili kale pa Facebook, dziko lonse likuona umphaŵi wake.

Tsono pempho lathu ku komiti ndi ili. Pa Sabata loyandikira 6 Disembala aphunzitsi a Sande Sukulu afotokozere ana nkhani ya ku Myra, pamodzi ndi ya anzeru a kum'maŵa ndi mphatso zawo. Pa phwando mwana aliyense alandire mofanana, ndipo auzidwe kuti zachokera kwa amayi a mpingo m'dzina la Yesu. Za mabanja osoŵa, maina adziŵike kwa amayi aŵiri okha, amene azikatula katunduyo chakumadzulo, foni atazisiya kunyumba. Za chovala chofiira komiti ikambirane yokha, koma iyambe yafunsa mnyamata amene adzachivale, pakuti kutentha kwa ku Nkaya mu Disembala tonse tikukudziŵa.