Mafilimu a Ngwazi za Mphamvu Zodabwitsa

Ngwazi za mphamvu zodabwitsa zinayambira m'mabuku a zithunzi a ku America zisanalowe m'kanema. Mu 1941, Adventures of Captain Marvel inkaonetsedwa m'zigawo, chimodzi pa sabata. Superman ya mu 1978, momwe munasewera Christopher Reeve, inasonyeza kuti nkhani zoterezi zimakopa anthu ambiri. Makompyuta atapita patsogolo, kuonetsa munthu akukwera makoma kunaphweka, monga mu Spider-Man ya mu 2002. Kuyambira pa Iron Man mu 2008, kampani ya Marvel inalumikiza mafilimu ake kukhala nkhani imodzi yaitali.

Kwa zaka zambiri, pafupifupi ngwazi zonse zinali azungu. Black Panther ya mu 2018 inaonetsa mfumu ya dziko lopeka la mu Africa, Wakanda, komwe amalankhula Chixhosa. Filimuyi inapeza madola oposa 1 biliyoni ndi mphoto zitatu za Oscar.