Kuyeza Cheza cha Nyukiliya ndi Ma Drone: Zoyenera Kudziwa kwa Odwala ndi Owasamalira

Cheza cha nyukiliya, chimene ena amati radiyeshoni, ndi mphamvu yochokera ku zinthu monga yureniyamu ndi siziyamu. Sichioneka, sichinunkha, ndiponso thupi silimva kanthu chikamalowa. Chikachuluka chimawotcha khungu, chimawononga maselo a magazi, ndipo patapita zaka chingayambitse khansa. Munthu angadziwe kuti chilipo pokhapokha atayeza ndi chipangizo. N'chifukwa chake tsopano akatswiri akutumiza tindege topanda woyendetsa, totchedwa ma drone, kumalo amene munthu sayenera kufikako.

Mmene ma drone amayezera

Kandege kotere kamanyamula kachipangizo kowerenga cheza cha mtundu wa gamma, chomwe chimayenda mtunda wautali mumpweya. Kamauluka motsika, m'mizere yoyandikana ngati ya m'munda, ndipo paliponse pamene kadutsa kamalemba kuchuluka kwa chezacho pamodzi ndi malo enieni pogwiritsa ntchito GPS. Kenako kompyuta imajambula mapu osonyeza malo oopsa ndi malo abwino. Woyendetsa amakhala patali, choncho thupi lake silikhudzidwa.

Kufunika kwa njirayi kunaoneka pa ngozi ziwiri zikuluzikulu za malo opangira magetsi a nyukiliya. Ku Chernobyl mu 1986, oyendetsa ndege za helikoputa anauluka pamwamba pa malo amene anaphulika ndipo analandira cheza chochuluka. Ngozi ya ku Fukushima, ku Japan, itachitika mu 2011, bungwe la International Atomic Energy Agency linathandiza akuluakulu a deralo kukonza ma drone oyezera malo ovuta kufikako. Mu 2019, akatswiri a yunivesite ya Bristol anayeza nkhalango yozungulira Chernobyl ndi ma drone, ndipo anapeza malo a cheza chambiri amene mapu akale sankasonyeza.

Kodi nkhaniyi ikukhudza bwanji dera lathu?

Ku Zimbabwe, ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kulibe malo opangira magetsi a nyukiliya. Oyandikira kwambiri ndi a Koeberg, pafupi ndi Cape Town ku South Africa, amene anayamba ntchito mu 1984. Choncho wokhala ku Wedza kapena m'mafamu ozungulira sayenera kuopa ngozi ya mtundu wa Fukushima.

Komabe yureniyamu ilipo m'nthaka yathu. Ku Malawi, mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga unatsegulidwa mu 2009, ndipo ku Zimbabwe miyalayi inapezeka ku Kanyemba, m'chigwa cha Zambezi. Ma drone nawonso si achilendo. Mu 2016 boma la Malawi ndi UNICEF anayesa kunyamulira pa drone magazi a makanda okayezedwa HIV, ndipo mu 2017 anatsegula malo oyeserera ndegezi ku Kasungu. Mabungwe oyang'anira chitetezo pa nkhani ya cheza ndi Radiation Protection Authority of Zimbabwe komanso Atomic Energy Regulatory Authority ku Malawi.

Zimene ma drone sangaone

Drone imayeza za panja basi. Singauze munthu zimene zili m'nyumba mwake, m'madzi a pachitsime, kapena m'thupi mwake. Izi zimafuna kuyeza kwapadera.

Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe, pafupifupi mamilisiveti 2.4 pa chaka. Gawo lalikulu limachokera ku mpweya wotchedwa radon, umene umatuluka m'nthaka ndi m'miyala, makamaka ya granite yomwe ndi yofala m'chigawo cha Mashonaland East. Panja mpweyawu umabalalika msanga, koma m'chipinda chotsekedwa ndi m'migodi umaunjikana. Bungwe la World Health Organization limati radon ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu ndi osuta fodya.

Nanga X-ray ya kuchipatala?

Kujambulidwa pachifuwa kamodzi kumapereka pafupifupi mamilisiveti 0.1, omwe ndi ofanana ndi cheza chachilengedwe cha milungu iwiri. Musakane X-ray imene dokotala walamula, makamaka pofufuza chifuwa chachikulu cha TB, chifukwa kuchedwa kupeza matenda n'koopsa kuposa chezacho. Mayi amene ali ndi pakati, kapena akukayikira, auze wachipatala asanajambulidwe.

Wodwala khansa amene akulandira chithandizo cha cheza cha makina ku Parirenyatwa ku Harare kapena ku Mpilo ku Bulawayo sabwera nacho kunyumba. Mukhoza kudya naye, kugona naye chipinda chimodzi ndi kumupatsa mwana kuti anyamule. Malangizo apadera amaperekedwa kwa amene wamwa mankhwala a cheza, monga a ayodini ochizira chithokomiro, ndipo ayenera kutsatidwa monga mmene achipatala anenera.

Chitsulo chachilendo: chenjezo lalikulu

Zipangizo zina za m'migodi, za m'mafakitale ndi zoyezera misewu zimakhala ndi kanthu kotulutsa cheza champhamvu mkati. Zikatayika zimaoneka ngati zitsulo wamba. Mu 1987 mumzinda wa Goiânia ku Brazil, anthu otola zitsulo anaphwanya chipangizo cha m'chipatala chosiyidwa. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo mwana wa zaka 6, ndipo oposa 100,000 anayezedwa.

Zoyenera kuchita

• Mukaona chitsulo cholemera modabwitsa, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu akuda kapena ofiirira pamalo achikasu, musachigwire, musachitsegule, musachitengere kunyumba.
• Talikirani, letsani ana kufikapo, ndipo dziwitsani apolisi kapena achipatala.
• Ngati mwachigwira kale, vulani zovala, ziikeni m'pepala lapulasitiki, sambani ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nenani zimene munagwira, makamaka ngati mukusanza kapena khungu lapsa popanda moto.
• Tsegulani mawindo ndi zitseko tsiku lililonse, ndipo matani ming'alu ya pansi m'nyumba.
• Ngati mumasuta fodya, pemphani thandizo kuchipatala kuti musiye.
• Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena mukatsokomola magazi, kayezetseni msanga.