Magalimoto Amene Anatilera Kum'mawa: Kuchokera pa Lole ya Ulere Kufika pa Corolla

Ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi sitima sinadutseko. Njanji ya atsamunda inachoka ku Livingstone, kudzera ku Lusaka ndi ku Kabwe mpaka ku Migodi, ife a Kum'mawa n'kutilambalala. Ngakhale ya ku Mchinji, imene inafika ku Chipata mu 2010, inathera pomwepo. Choncho mchere, malata, feteleza, mabuku a sukulu, ngakhale thupi la m'bale amene wamwalira ku Kitwe, zonse zimabwera kuno pa matayala. N'chifukwa chake akuluakulu a kuno akayamba kukamba za magalimoto akale nkhani imafika usiku, ndipo ngakhale agogo amene sanagwirepo chiwongolero amakhala ndi galimoto yawo imene amaikumbukira.

Poyamba kunalibe ngakhale msewu woyendamo galimoto. Pamene boma la Fort Jameson, Chipata ya lero, linkakhazikitsidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, bwanamkubwa ankayenda pa machila anthu atamusenza pamapewa, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Njira zazikulu za dera lino zinkaloza ku Nyasaland ndi ku Tete, osati ku Lusaka. Mnyamata wofuna ndalama ya msonkho ndi bulangete ankatsika wapansi kudzera m'dziko la Apwitikizi, kuwoloka Zambezi mpaka ku Halale. Msewu wa Great East unatsegulidwa pambuyo pake, ndipo mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Unali msewu wafumbi, wa mapiri ndi makhwawa, wosadalirika mvula ikayamba.

Galimoto yoyamba imene amuna ambiri a kuno anakwera sinali ya m'bale wawo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, boma la Southern Rhodesia, pofuna antchito a m'mafamu a fodya ndi m'migodi, linayamba kutumiza malole onyamula anthu osalipiritsa kanthu. Anthu anawatcha Ulere. Malole amenewa anatenga amuna ambiri, ndipo ena mwa iwo anatchona. Kenaka kunabwera mabasi a Thatcher, Hobson, amene m'zaka za m'ma 1950 anasanduka Central African Road Services. Kupatula amenewa, fumbi m'misewu linali la Land Rover ya DC, bwanamkubwa wa boma, galimoto za amishoni a ku Nyanje ndi a chipatala cha St Francis chimene chinayamba mu 1948, ndi malole a Bedford a Amwenye amasitolo, obweretsa nsalu ndi sopo n'kubwerera ndi nsawa. M'malole amenewa ndi mmene munabadwira madalaivala oyamba a kwathu. Mnyamata ankayamba ngati loleboyi, ntchito yake kuthamanga ndi mwala kukatsekera tayala lole ikalephera chitunda, kuthira madzi, kumanga tenti. Patapita zaka bwana ankamulola kubweza lole pabwalo la sitolo, kenaka n'kupita kukayesedwa ku boma. Wobwera ndi laisensi m'thumba ankalemekezedwa pafupifupi ngati mphunzitsi.

Ufulu wa 1964 ndi umene unatsegula khomo. Ntchito za boma zimene zinali za azungu zinabwera m'manja mwa eni dziko, ndipo ogwira ntchito m'boma ankatha kutenga ngongole yogulira galimoto. Ahedi a sukulu, alangizi a zaulimi, akalaliki a ku khoti, ndiponso amene anapuma ntchito ku Migodi anayamba kufika m'midzi ndi Ford Anglia, Cortina, Zephyr, Morris Minor ndi Volkswagen. Chisangalalo chinasokonezeka msanga. Mu Novembala 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wachipongwe ku Rhodesia, mafuta anasowa, petulo n'kumagulidwa ndi makuponi mpaka paipi ya mafuta ya Tazama inatsegulidwa mu 1968. Koma chaka chomwecho cha 1968 mlatho watsopano wa Luangwa unatha kumangidwa, ndipo m'zaka zimenezo msewu wa ku Lusaka unathiridwa phula. Mu 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kulumikiza magalimoto a Fiat, ndipo Land Rover ankazilumikiza ku Ndola. Munthu ankagula galimoto yatsopano, yonunkhira mapepala, yopangidwa m'dziko lake lomwe.

Fiat inali ya pa tauni. Ikachoka pa phula n'kulowa msewu wa ku Chadiza kapena wa ku Nyanje inkagunda mimba pansi. Imene inagwira mitima ya anthu kuno ndi Peugeot 404, kenaka 504, chifukwa inkadutsa m'mabampu osadandaula ndipo inkanyamula kuposa mmene anaipangira. Pambali pake panali mavaneti a Datsun 1200 ndi 1500, Toyota Stout ndi Hilux yoyambirira. Land Rover 109 inali mfumu ya nyengo ya mvula. Zambiri zinkayamba ndi nambala ya boma ya GRZ, n'kudzagulitsidwa pa okushoni zitatopa, ndipo wogula ankadziwa kuti wagula ntchito.

Amalume anga anali ndi imodzi mwa Land Rover zotere, yobiriwira mofwifwa, imene anagula atagulitsa ng'ombe ndi thonje. Batire yake inali yofooka nthawi zonse. M'mawa wa mu Juni, kuzizira kuli pa chimake, ankatulutsa hendulo kuseri kwa mpando, n'kuilowetsa pa kabowo ka pa bampala yakutsogolo. Ankatiphunzitsa kuti chala chachikulu chisazungulire chitsulocho, chikhale mbali imodzi ndi zinzake, chifukwa injini ikabweza imathyola. Ankakoka choko, kupopa mafuta ndi phazi, kenaka n'kupukusa. Ikakana, mawu anali amodzi: "Adzukulu, bwerani mukankhe!" Tinkakankha mpaka potsetsereka, iwo ali mu giya yachiwiri phazi pa kilatchi, ndipo ikatsokomola n'kulira ife tinkathamangira kukwera kumbuyo isanatisiye. Madzulo ankaiimika pa chitunda, mphuno italoza kumunsi, mwala uli kutayala, kukonzekera za mawa.

Koma galimotoyo sinali ya amalume okha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya magalimoto oyamba kuno. Munthu akagula galimoto, mudzi wonse unkaona kuti wagula. Pakati pa usiku kunkamveka "odi" pakhomo: mayi wapakati zamuvuta, tithandizeni ku St Francis. Mwini galimoto sankafunsa za petulo nthawi imeneyo, ankavala jekete n'kuyatsa. Maliro akagwa, galimoto yomweyo inkakatenga thupi ku chipatala, kukagula nsalu, kukauza abale a kutali. Inkanyamula mkwatibwi, kwaya ya mpingo, timu ya mpira ya sukulu, matumba a ku chigayo. Wokana kunyamula maliro ankadziwa kuti tsiku lake likadzafika anthu adzakumbukira. Ndipo ulemu umenewu unkabwera ndi miseche yake. Mlimi akagula vaneti, panali ena onong'ona kuti wakhwima, ngakhale aliyense ankamuona akulawirira kudimba anzake ali m'tulo. Walira mvula walira matope.

Kuyambira 1975 mtengo wa kopa unagwa, ndalama zakunja zinasowa, ndipo masipeya anazimiririka m'masitolo. Tayala latsopano linkafuna kudziwana ndi munthu. Apa ndi pamene amakanika a pansi pa mtengo anasonyeza nzeru zimene ine ndimaona kuti sitinaziyamikire mokwanira. Pampu ya petulo ikafa, ankamangirira chigubu padenga, paipi n'kutsikira ku kabuleta, mafuta n'kumayenda okha. Thanki ikabooka ankamata ndi sopo wa mtanda wofewetsedwa ndi malovu. Rediyeta ikamadontha ankathiramo ufa pang'ono kuti utseke pobooka mpaka mukafike. Chubu chimodzi chinkakhala ndi zigamba zambiri moti mtundu wake weniweni sunkaoneka. Gasiketi ankaidula pa katoni, atagogoda m'mphepete ndi kasipanala kuti mabowo atuluke ndendende. Injini ya mtundu wina inkalowa m'galimoto ya mtundu wina, magalimoto awiri akufa n'kubala imodzi yamoyo. Makanika wodziwa ankaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira pakhutu, n'kukuuzani chimene chikugogoda asanamasule nati imodzi.

Si zonse zinali zotamandika. Ena ankathira madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki, ena ankayenda ndi matayala osalala, anthu makumi awiri ali kumbuyo kwa vaneti pamwamba pa matumba. Mapiri a pakati pa Nyimba ndi Luangwa anadya anthu ambiri m'zaka zimenezo, ndipo mabanja a kuno ali ndi manda amene anakumbidwa chifukwa cha buleki imene inakana.

Amene analibe galimoto, ndiwo ochuluka, ankadalira UBZ, kampani ya mabasi ya boma. Mabasi a Leyland, a Tata ndi a Dubrava ochokera ku Yugoslavia ankafika pa Katete kapena pa Sinda atadzaza kale kuchokera ku Chipata, ndipo anthu ankagona pa siteshoni masiku, ataphika nsima pamafuwa, kudikira mpando. Wotopa kudikira ankapempha lifiti pa lole ya NAMBOARD kapena ya Eastern Co-operative Union yonyamula chimanga, kapena ya Lintco yonyamula thonje, n'kukhala pamwamba pa katundu atadzikulunga chitenje. Malole a IFA a asilikali, ochokera ku East Germany, chiwongolero chili kumanzere, ankaopedwa pamsewu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo za ku Mozambique zikulowa m'midzi ya m'malire, kuyenda chakumwera kwa Katete ndi ku Vubwi kunali kwa mtima m'manja. Ndipo tinene zoona, chimene chinanyamula dera lino m'zaka zonsezi kuposa galimoto iliyonse ndi njinga: Humber ndi Raleigh za makolo, kenaka Eagle ya ku Luangwa Industries ku Chipata, imene inkasenza matumba a makala, nkhumba yamoyo, ngakhale wodwala.

Boma la MMD litalowa mu 1991 zinthu zinatembenuka. Malonda anamasulidwa, NAMBOARD inali itatha kale, UBZ inatsekedwa chapakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo fakitale ya ku Livingstone inazilala. Msewu unadzaza ndi maminibasi a Hiace a anthu wamba. Kenaka kunasefukira magalimoto ogwiritsidwapo ntchito a ku Japan, odzera pa doko la Durban kapena la Dar es Salaam. Lero mphunzitsi wa ku Chassa kapena namwino wa ku Nyanje amasankha galimoto pa foni, kutumiza ndalama, n'kukwera basi kupita ku Nakonde kukailandira. Kwa m'badwo uno galimoto yoyamba ndi Corolla, Spacio, Vitz kapena Noah, ndipo kwa wogula soya ndi nsawa ndi Canter. Corolla yakhala Peugeot ya masiku ano: imayenda pakati pa Katete ndi Chipata, kapena kulowera ku Chanida, itanyamula anthu oposa mipando yake, buti ili yasa ndi matumba. Loweruka lomaliza la Ogasiti, pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, mukaima pamsewu mudzaona mibadwo yonse ya magalimoto: Land Cruiser zonyezimira za nduna, mabasi a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndi Canter zodzaza anthu oimba.

Magalimoto atsopanowa ndi abwino, sakankhitsa, ndipo wodwala amafika msanga ku chipatala. Sindikufuna kuti tibwerere ku hendulo. Chimene chimandiwawa n'chakuti akale aja akutha osasiya mbiri. Ogula zitsulo zakutha akhala akuzungulira m'midzi ndi sikelo, ndipo 404 imene inapulumutsa amayi ambiri imagulitsidwa pa kilo. Zotsala zake muzifune pansi pa ngolo. Ngolo zambiri za ng'ombe zimene zimapita ku madepoti ogula chimanga a FRA zimayenda pa ekiselo ndi malimu a Datsun, Peugeot kapena Land Rover, owotcherera a pa msika atazidula n'kuziika matabwa. Masipuling'i akale amasulidwa kukhala nkhwangwa ndi zikwanje, limu imapachikidwa pa mtengo kukhala belu la sukulu, tayala n'kusanduka nkhwaira ndi malegeni omangira katundu.

Amakanika akale aja nawonso akuchepa. Galimoto ya lero ikadwala imafuna kompyuta yoti iuze makanika pamene pavuta, ndipo chiwalo chowonongeka sachikonza, amangochotsa n'kuika china. Anyamata ambiri amene akadaphunzira kabuleta atembenukira ku njinga zamoto, zimene zadzaza pa Sinda ndi pa Katete ndipo zikulowa m'tinjira timene Land Rover inkalephera.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo msewu waukulu kuchokera pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Mwami unakonzedwanso m'zaka zotsatira. Amene ali m'mbali mwa phula, Vitz imawakwanira. Koma mukapatuka kulowa m'midzi ya Mfumu Kawaza, ya Mfumu Kathumba kapena ya Mfumu Pembamoyo ku Vubwi mu Febuluwale, mitsinje itadzaza, galimoto yotsika imatsala pa boma. Kumeneko wogula galimoto yoyamba amafunsabe mafunso amene ankafunsa ogula 404: kodi ndi yaitali bwanji kuchokera pansi, inyamula matumba angati, ndipo sipeya yake ipezeka ku Chipata kapena mpaka ku Lusaka?