Kuchokera ku Karoti Kufika ku Heathrow: Mbiri ya Chishango cha Maso

Mu February 2016, ndege ya Virgin Atlantic yopita ku New York inabwerera ku Heathrow woyendetsa wake atawalitsidwa m'maso ndi leza. Mu 2018 boma la Britain linakhazikitsa lamulo loti wochita zotere akhoza kukhala m'ndende zaka zisanu. Komatu lamulo silitchinga diso.

Chotchingacho chili ndi mbiri yakale. Mu 1888, ku Prague, Friedrich Reinitzer akufufuza mankhwala a m'karoti anapeza chinthu chosungunuka kawiri: poyamba chimachita mbuu, kenako n'kuyera mbee. Chinatchedwa liquid crystal, ndipo kwa zaka zambiri chinangokhala chodabwitsa cha akatswiri, chifukwa mitundu yodziwika inkafuna kutentha kapena inkawonongeka msanga. Mu 1972 George Gray ndi anzake a pa yunivesite ya Hull anapanga mtundu wokhazikika pa kutentha kwa m'nyumba. Magetsi pang'ono amatembenuza timamolekyu take, kuwala n'kudutsa kapena kutsekeka.

Oyamba kutetezedwa nacho maso anali owotcherera zitsulo: mu 1981 ku Sweden kunatuluka chipewa cha Speedglas, chimene galasi lake limada lokha moto ukathetheka.

Leza ndiye yavuta. Ku sukulu ya unamwino tinaphunzira kuti diso limaphethira pa gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, koma leza yamphamvu imakhala itapsereza kale mkati mwa diso, mopanda ululu. Magalasi wamba otetezera amatchinga mitundu yowerengeka ya kuwala. Ofufuza akulimbana n'kupanga galasi losintha lokha, loteteza maso ndi makamera, woyendetsa ndege akuonabe bwalo lotera.